Kukopera buku la banki m'khonde ndi ntchito yosamutsa deta

Gulu la banki m'khonde likakhalitsa, buku limene lidayamba nalo limayamba kupanikiza. Masamba amakhala alipo, koma mizere imene mlembi adajambula ndi lula tsiku loyamba siyikwananso ndi zimene gulu likuchita. Tiyerekeze gulu la amayi a ku Nkolokosa, lokumana Lamlungu lililonse masana anthu akabwerako kutchalitchi. Pachiyambi tsamba lidali ndi madanga atatu okha: tsiku, dzina ndi ndalama. Kenako gulu lidayamba kubwereketsa ndalama zobweza ndi chiwongoladzanja, lidakhazikitsa thumba la zadzidzidzi lothandizira pamaliro ndi pamatenda, lidagwirizana za chindapusa cha wobwera mochedwa, ndipo ena amene adasamukira ku Machinjiri ndi ku Bangwe adayamba kutumiza zawo pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Zonsezi zimathiridwa m'danga limodzi lomwe lija la ndalama, ndipo zofotokozera mlembi amazikhwatcha m'mphepete mwa tsamba, mwa kalembedwe kamene amakamva yekha.

Tsiku lina amayi amagwirizana zogula buku latsopano, loti chilichonse chikhale ndi danga lake: masheya, ngongole yotengedwa, ngongole yobwezedwa, thumba la zadzidzidzi, chindapusa ndi njira imene ndalama yabwerera. Kujambula mizere yatsopanoyo sikutenga ngakhale ola. Chotopetsa, komanso chimene chingayambanitse anthu pogawana mu Disembala, ndi kutenga zolemba za miyezi yonse yapitayi, pamodzi ndi ngongole zotsala chaka chatha, n'kuziika m'madanga atsopanowo popanda kutaya khobidi la munthu kapena kumusenzetsa ngongole imene sadatenge.

Akatswiri olemba mapulogalamu a pa intaneti amakumana ndi ntchito yomweyi pa pulogalamu iliyonse imene yagwira ntchito kwa zaka. Webusaiti ya sukulu yoonetsa zotsatira za ana, pulogalamu ya SACCO, ya chipatala kapena ya sitolo, zonse zimasunga zimene zalandira mu database. Mu database muli matebulo, tebulo lililonse lili ndi madanga otsika ndi mizere yopingasa, ndipo mzere umodzi umaimira munthu mmodzi, malipiro amodzi kapena ulendo umodzi wa kuchipatala. Dongosolo lonena kuti matebulo ndi angati, madanga ake ndi ati, danga lililonse lilandire manambala, mawu kapena tsiku, lilandire zilembo zingati, komanso ngati n'kololedwa kulisiya lopanda kanthu, amalitcha schema. Schema ndiyo mizere ya lula ija. Kusiyana kwake n'kwakuti database ilibe mphepete mwa tsamba. Chimene sichikukwana m'danga kompyuta imachikana, ndipo ngati idatcheredwa molekerera, imachidula osauza munthu.

Schema ikasintha pamakhala ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuziyesa imodzi. Yoyamba ndi kusintha madanga enieniwo: kuwonjezera, kukulitsa, kugawa kapena kuchotsa. Pa ntchito iyi zida zilipo zambiri. Ruby on Rails, Django ndi Laravel zili ndi njira yolembera kusintha kulikonse m'kafayilo kakekake, kokhala ndi nambala kapena tsiku, kuti aliyense woyendetsa pulogalamuyo atsate masitepe omwewo mwa ndondomeko yomweyo, ndipo ena amagwiritsa ntchito Flyway kapena Liquibase. Yachiwiri ndi kusamutsa deta yakale kuti ilowe m'madanga atsopano. Imeneyi palibe chida chimene chingaimalize chokha, chifukwa pa mzere uliwonse wokayikitsa munthu ayenera kudziwa chimene wolemba woyamba uja ankatanthauza.

Zosintha zina n'zosavuta chifukwa lamulo lake ndi limodzi. Mu 2009 manambala a foni za m'manja m'Malawi adatalikitsidwa: oyamba ndi 08 adayamba kuyamba ndi 0888, oyamba ndi 09 adakhala 0999. Aliyense amene adali ndi tebulo la manambala a makasitomala adafunika kukulitsa danga kuchoka pa manambala 8 kufika pa 10, kenako n'kuwonjezera manambala awiri pa mzere uliwonse. Ku Zambia, pa 1 Januwale 2013, adachotsa mazilo atatu pa kwacha, moti K1,000 yakale idakhala K1 yatsopano, ndipo mabanki, masitolo ndi maofesi olipira antchito ku Chipata ndi ku Lusaka adayenera kugawa ndi 1,000 ndalama iliyonse imene idali m'makompyuta awo. Mozambique idachita zomwezo ndi metical mu 2006.

Ngakhale pamenepa msampha ulipo. Mlembi akasiya kukopera chifukwa magetsi azima, mawa lake n'kuyambiranso osadziwa pamene adalekezera, masheya ena amalembedwa kawiri. Pulogalamu yosamutsa deta ikaima pakati n'kuyambitsidwanso mwakhungu, imagawa kawiri: munthu amene adali ndi K5,000,000 yakale, woyenera kukhala ndi K5,000 yatsopano, amatsala ndi K5. N'chifukwa chake pulogalamu yolembedwa bwino imayamba yaona ngati mzere wasinthidwa kale, ndipo imatenga mizere m'magulumagulu, gulu lililonse n'kulowa lonse kapena kusalowa konse. Mitundu ya database imasiyananso pamenepa. PostgreSQL imalola kuti zosintha zingapo za madanga zimangidwe pamodzi n'kubwezedwa zonse ngati chimodzi chalephera, pamene MySQL imakhazikitsa kusintha kwa madanga kulikonse pakokha, nthawi yomweyo. Wogwira ntchito ndi MySQL ayenera kukonzeratu njira yobwerera pa sitepe iliyonse.

Mavuto enieni amayamba danga limodzi likamagawidwa. M'buku lakale mwalembedwa K12,000 pa dzina la mayi wina. Kodi ndi masheya okhaokha, kapena K10,000 ndi yobweza ngongole, K1,500 ya thumba la zadzidzidzi ndipo K500 ndi chindapusa? Tsamba silinena. Mwina m'mphepete muli kamtanda, ndipo mlembi wakale yekha ndiye akudziwa kuti m'miyezi yoyamba kamtanda kankatanthauza chindapusa, koma pambuyo pake adayamba kukagwiritsa ntchito pa ndalama yobwera pafoni. Database zakale zili ndi timitanda totere tambirimbiri. Mumapezeka danga lotchedwa ndemanga mmene makalaliki akhala akuthiramo chilichonse chosowa pokhala. Mumapezeka nambala 99 pa danga la zaka, imene wina adaganiza kuti izitanthauza kuti zaka sizikudziwika, koma osalemba paliponse, ndipo pulogalamu yatsopano imawerenga kuti bungwe lili ndi nkhalamba mazanamazana za zaka 99. Katswiri amene akusamutsa deta osakhala pansi ndi kalaliki amene wakhala akuilemba akumbukire kuti safunsa adadya phula.

Malire a maboma amapereka chitsanzo china. Mu 1998 Phalombe idapatuka ku Mulanje ndipo Balaka idapatuka ku Machinga, pambuyo pake Neno idapatukanso ku Mwanza. Munthu wobadwira ku Migowi mu 1985 zolemba zake zakale zimati ndi wa ku Mulanje, ndipo pa nthawiyo zidali zoona. Lamulo loti Mulanje yense asanduke Phalombe lingalakwire anthu a ku Muloza ndi ku Chitakale. Pamafunika kuona dzina la mfumu yaikulu kapena la mudzi, ndipo ngati zimenezo sizidalembedwe, chanzeru ndi kusiya mmene zilili n'kuika chizindikiro choti munthuyo adzafunsidwe akadzabweranso. Akatswiri osamala amasunga zimene zidalembedwa poyamba m'danga lake, pambali pa zatsopano, kuti wokayikira adzathe kuona kumene yankho lidachokera.

Palinso danga latsopano limene mizere yakale ilibe choikamo. Mu 2017 National Registration Bureau idalembetsa Amalawi oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo posakhalitsa mabanki ndi makampani a foni adayamba kufuna nambala ya chiphasocho. Matebulo ambiri adawonjezera danga. Koma makasitomala akale adalembedwa chiphaso chisanabwere. Ngati schema ikuti dangalo lisakhale lopanda kanthu, wothamanga amangothiramo mazilo kuti kompyuta ileke kudandaula. Zimachitikanso ndi tsiku lobadwa. Agogo amene akungodziwa kuti adabadwa chaka cha njala ya 1949 amapatsidwa 1 Januwale, ndipo pakapita zaka palibe angasiyanitse tsiku lenileni ndi longoganizira.

Mlembi wa banki m'khonde amadziwa bwino kusiyana kumene kuli apa. Membala amene sadapereke kanthu sabata ija ndi wosiyana ndi membala amene mzere wake sukuwerengeka chifukwa tsamba lidanyowa. Woyambayo alembedwe zilo ndipo alipire chindapusa. Wachiwiriyo asiyidwe popanda kanthu mpaka msungichuma ndi mwini wake afunsidwe. Database ili ndi chizindikiro chake cha chinthu chosadziwika, chotchedwa NULL, ndipo kuika zilo pamalo pake ndi kulemba bodza limene lidzawerengedwe ngati choona m'malipoti onse otsatira. Pulogalamu ya zachipatala ya OpenMRS idakonza vuto la tsiku longoganizira lija mosavuta: pambali pa tsiku lobadwa pali kadanga kongonena ngati tsikulo ndi longoyerekeza.

Mayina nawo ali ndi zawo. M'buku lakale mayi mmodzi angapezeke katatu: ndi dzina lake, ndi dzina la amuna ake, komanso monga amake a mwana wake woyamba. Pomwepo a Phiri awiri osiyana angaoneke ngati munthu mmodzi. Wina adalemba Chirwa, wina Chilwa. Wina Maria, wina Maliya. Kuphatikiza anthu awiri osiyana n'koipa kuposa kusiya munthu mmodzi atalembedwa kawiri, chifukwa ngongole zawo zikasakanizika kuzilekanitsa kumavuta. Choncho aliyense amapatsidwa nambala yosasintha, ndipo pamasungidwa tebulo lapadera losonyeza kuti nambala yakuti yakale ndiyo nambala yakuti yatsopano. Ngakhale zilembo zimasokonezeka. Database zambiri zakale za MySQL zidatcheredwa pa latin1, dongosolo la zilembo limene mulibe ŵ, ndipo posamukira ku UTF-8 mosasamala Malaŵi amatuluka MalaÅµi kapena Mala?i. Kachizindikiro ka mu Ng'oma ndi M'bwana pulogalamu yolembedwa mwaulesi imakameza kapena kutsamwa nako, ndipo munthu akadzafufuzidwa ndi dzina lake lenileni amaoneka ngati kulibe.

Kuno ku Blantyre nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Malawi idayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo zolemba za odwala zidali pa makadi a pepala ndi m'kaundula. Mu 2006 chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene anthu a ku Nkolokosa ndi Zingwangwa amatumizidwako matenda akakula, chidayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la Baobab Health pa makompyuta ongodina pagalasi ndi chala. Ntchito ya bungweli adaiyambitsa ndi Gerry Douglas pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Odwala amene adali atayamba kale mankhwala sakadatengedwa ngati atsopano, chifukwa lipoti la miyezi itatu iliyonse lopita ku Unduna wa Zaumoyo limatsamira pa tsiku limene munthu adayamba mankhwala powerenga amene akadali pa mankhwala, amene adasiya, amene adasamuka ndi amene adamwalira.

Malangizo a unduna nawo sadaime malo amodzi. Mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kutsata Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe mankhwala a moyo wonse. Mu 2016 lamulo lidati aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Mu 2019 ambiri adasinthidwa kuchoka pa mankhwala otchedwa 5A kupita pa 13A, amene muli dolutegravir. Kusintha kulikonse kotere kumabweretsa chifukwa chatsopano choyambira mankhwala, dzina latsopano la mankhwala ndi funso latsopano pa lipoti, pamene munthu amene adayamba mu 2005 akadabwerabe kudzatenga mankhwala ndipo mbiri yake iyenera kuwerengeka kuyambira pachiyambi. Pa deta yotere chotayika sichikhala khobidi. Ngati mzere wonena kuti mankhwala akutiakuti adamutulutsa zidzolo zoopsa wasowa posamuka, wachipatala wina angadzamupatsenso omwewo.

Chimene chimawonjezera ntchito n'chakuti gulu silileka kukumana chifukwa choti mlembi akukopera. Lamlungu likafika ndalama zimabwera. Webusaiti nayo anthu amafuna kuipeza usana ndi usiku. Njira imene akatswiri ambiri amatsata ndi yoyenda pang'onopang'ono. Amayamba ndi kuwonjezera madanga atsopano osachotsa akale. Kenako amasintha pulogalamu kuti chatsopano chilichonse chizilembedwa mbali zonse ziwiri, monga mlembi amene kwa masabata angapo akulemba m'mabuku onse awiri. Zikatero amakopera zakale m'magulumagulu, makamaka usiku anthu akachepa. Akakhutira kuti zikugwirizana, amatembenuza pulogalamu kuti iziwerenga madanga atsopano. Kuchotsa madanga akale kumabwera pomalizira penipeni, patapita nthawi yokwanira kuti malipoti a kutha kwa mwezi ndi a kutha kwa chaka cha ndalama atulukepo. Zambia idatsata nzeru yomweyi: ndalama zakale ndi zatsopano zidayendera limodzi mpaka kutha kwa Juni 2013, mitengo ikulembedwa mwa zonse ziwiri.

Asanakhudze chilichonse, amakopera database yonse n'kuisunga pa malo ena, osati pa seva yomweyo. Ndipo amayesa kuibwezeretsa kuti aone ngati ikutseguka, popeza ambiri adazindikira tsiku la ngozi kuti zimene ankasunga zidali zoduka. Pa kope limenelo ndi pamene amayeserera kusamutsa konse, kawiri, katatu, mpaka adziwe kuti kutenga maola angati ndipo ndi mizere iti imene ikukana. Kuyeserera pa deta yongopeka sikuthandiza kwenikweni, chifukwa deta yongopeka imakhala yaukhondo ndipo timitanda tija mulibe. Koma kope la deta yeniyeni lili ndi mayina, matenda ndi ngongole za anthu. Si loika pa fulashi kapena kutumizirana pa WhatsApp. Mayina ndi manambala a foni ayenera kubisidwa kope lisanachoke pa seva, ndipo kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, limene MACRA idapatsidwa udindo woliyang'anira.

Kukopera kukatha, mlembi wanzeru amawerenga mokweza pamaso pa gulu: mamembala ndi angati, masheya onse ndi angati, ngongole zili kunja ndi zingati, ndipo zimenezi ziyenera kugwirizana ndi buku lakale, ndi timabuku ta mamembala, komanso ndi ndalama zimene zili m'bokosi ndi pafoni. Katswiri amachita zomwezo. Amawerenga mizere mbali zonse ziwiri, amawonkhetsa ndalama mbali zonse ziwiri, amaona ngati pali ngongole yopanda mwini kapena malipiro oloza kwa munthu amene kulibe, ndipo amasankha anthu angapo mwachisawawa n'kutsata mbiri yawo kuyambira pachiyambi mpaka lero. Mizere imene yakana kulowa saitaya. Amaiika pa mndandanda wake, ndi chifukwa chake, kuti eni ake a deta agamule.

Manambala kugwirizana sikutanthauza kuti ntchito yatha. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain idasamutsa makasitomala ake oposa 5 miliyoni kupita pa pulogalamu yatsopano m'masiku a kumapeto kwa sabata imodzi. Oyang'anira mabanki adanena pambuyo pake kuti deta yeniyeniyo idasamuka bwino, koma pulogalamu yatsopanoyo idalephera kusenza ntchito. Anthu pafupifupi 1.9 miliyoni adavutika kulowa m'maakaunti awo, ena adaona maakaunti a anthu ena, mkulu wa bankiyo, Paul Pester, adatula pansi udindo mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo mu Disembala 2022 bankiyo idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Adasamutsa gulu lalikulu la makasitomala nthawi imodzi asanayese mokwanira, ndipo kubwerera m'mbuyo kudali kosatheka. Ngati banki ya ndalama zotere idapunthwa, SACCO ya pa tauni kapena sukulu ya pulaiveti isamaganize kuti mnyamata mmodzi ndi laputopu yake amaliza Loweruka usiku.

Choncho mkulu wa sukulu, wa SACCO kapena wa chipatala cha mpingo amene akugula pulogalamu yatsopano asakhutire ndi maonekedwe a pagalasi. Afunse kuti deta yakale ilowa bwanji, ndani agamule pa mizere yokayikitsa, ayeserera kangati, manambala ati ayenera kugwirizana asanasaine kuti walandira, ndipo zikavuta Lolemba m'mawa abwerera bwanji. Pa bajeti ndi pa kalendala awerengere masiku a kalaliki wakale, chifukwa tanthauzo la zolemba zambiri lili m'mutu mwake, ndipo akapuma pantchito amapita nalo. Chigamulo chilichonse chimene chapangidwa, monga kuti 99 yatengedwa ngati zaka zosadziwika kapena kuti a ku Migowi asinthidwa kukhala a ku Phalombe, chilembedwe papepala limene lidzakhale m'manja mwa bungwe, osati mwa wogulitsa pulogalamu yekha. Schema yatsopanoyi idzasinthanso lamulo kapena mtundu wa mankhwala ukadzasintha, ndipo wodzasamutsa deta pa nthawiyo adzayambira pa pepala limenelo.